Masekondi Anayi a Achemwali

"Zimitsa chinthucho ndisanachiponye m'ngalande!"

Amayi sanadikire n'komwe kuti ndidzuke. Anazula okha waya kukhoma, wailesi n'kutsamwa pakati pa kolasi. Ine ndinali nditangoikweza pang'ono kuti amve kuti nyimbo ya mwana wawo ikuulutsidwa, koma iwo anaima pakati pa balaza, Baibulo kukhwapa, nsapato za kutchalitchi asanavule.

"Amayi, ndi nyimbo chabe."

"Nyimbo chabe? Lero ndalowa m'tchalitchi azimayi n'kumasendera. Wina wandinong'oneza kuti, 'Pepani mayi, sitimadziwa kuti za mwana wanu zafika pamenepo.' Ine kumayesa kwagwa maliro. Iwe, ndevu zayamba imvi koma ukadali kuvala chipewa chakumbuyo, kumayankhula mothamanga ngati wogulitsa mankhwala a makoswe m'basi. Ndakupirira. Wandimatira mathileyi a mazira m'chipinda cha malemu bambo ako, ndakupirira. Lero watenga misozi ya mlongo wako n'kuiika pa ng'oma kuti zidakwa zizivina?"

"Sindinatchule dzina la munthu. Mawuwo ndinawasintha, ndinawakweza pang'ono kuti asadziwike."

"Unasintha chiyani? Kalikhweru ka mphumu kaja unakachotsa? Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi mlongo wako amadziwa mmene chifuwa chake chimalirira akamakoka mpweya. Ine ndinakamva ndili pamzere wogula mafuta."

Kalikhweruko ndinakasiya dala. Kanagwera ndendende pamene ng'oma imapuma, ndipo wojambula nyimbo aliyense akanakasiya. Koma izi si zinthu zouza mayi ako atakwiya.

Achemwali anali pomwepo, pakampando ka pafupi ndi khomo la kukhitchini. Pamiyendo anali ndi kajuzi kofiira ka mwana wawo wamkazi, chinthu chokhacho cha mwanayo chimene chinapezeka m'chikwama tsiku limene anathawa kwa amuna awo. Ankakapinda, kukatambasula, kukapindanso. Sanayang'ane amayi, sanayang'ane ine.

Ine ndine Chigayo. Kapena ndinene kuti ndinali Chigayo zaka khumi ndi zisanu zapitazo, pamene nyimbo yanga yoyamba ya rapu inagwedeza mabasi ndi mabala, anthu n'kunena kuti ng'oma zake zikugunda ngati chigayo. Nyimbo yachiwiri sinagwedeze ngakhale katani. Kuyambira pamenepo ndakhala m'situdiyo yanga m'chipinda chakuseri cha nyumba ya amayi, kujambula makwaya, zotsatsa malonda za ogulitsa matayala, ndi anyamata amene amabwera ndi magalasi akuda koma opanda mawu. Amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine ndinaipa, nyimbo ndinadziwa, koma anthu anaiwala zonse ziwiri.

Lamulo langa pantchito linali limodzi: maikolofoni sazimitsa, chifukwa chabwino chimabwera osagogoda. Lachiwiri lina masana kunkagwa mvula, ine n'kusiya makina akujambula kulira kwa malata, kanyali kofiira kakuyaka, n'kuthamangira kwa ometa tsitsi kukabwereka waya. Ndinachedwako ndi nkhani za mpira. Pobwera ndinapeza achemwali akutuluka m'situdiyo, diso limodzi litatsekeka, mlomo utatupa, bulauzi itang'ambika paphewa. M'nyumba monse chipinda chimenecho ndicho chokha chimene munthu angaliremo oyandikana nawo osamva.

Pa kompyuta mawu amaoneka ngati mzere wa mapiri ndi zigwa. Munthu akafuula pamatuluka phiri, akanong'ona pamangokhala timiyala. Tikamafuna kolasi sitimvera zonse, timalumphira paphiri. Pa mphindi makumi awiri ndi zitatu zimene zinajambulidwa masana amenewo panali phiri limodzi lalitali. Ndinalumphira pomwepo, n'kumva achemwali akukoka mpweya, kalikhweru kaja, kenako mawu osweka: "Sindibwererako! Ngakhale mundimange, sindibwererako!" Ndinabwereza kakhumi, misozi ikutsika, phazi likugunda pansi lokha. Zotsalazo ndinachita nazo zimene ndimachita ndi zotsala zonse.

Achemwali anasuzumira pakhomo ine mahedifoni ali kumutu. Anafunsa mawu amodzi okha.

"Wamva?"

"Ndamva zonse, achemwali. Siyirani ine."

Anagwedeza mutu n'kutseka chitseko. Lachinayi lake anabweranso n'kundifunsa ngati sindituluka. Ndinawayankha kuti ndili pa ntchito yawo yomweyo. Lachisanu m'mawa anafunda nsalu kumaso n'kupita okha kusukulu ya mwana, koma anapeza alamu atamutenga kale kupita naye kwa amayi awo, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Kuchokera tsiku limenelo achemwali anasiya kundiyankhula, kupatula moni. Ine ndinkati ndi chisoni chabe.

"Alamu ako aimbira foni amalume ako," amayi anatero tsopano, akuvula nsapato. "Akuti pakatha masabata awiri akubwera kudzatenga mkazi wawo."

"Kudzatenga ndani? Nkhope ya achemwali tsiku lija simunaione?"

"Ndinaithowa ndine, usandifunse zopusa. Ukuyesa ine ndilibe mtima? Ndimafuna akhale kuno mwakachetechete, bamboyo mtima utsike, mwana abwere, tione pothera. Iwe n'kukaimba ng'oma padenga. Munthu uja ndi mkulu wa mpingo, ali ndi sitolo yake, anthu amamuvulira chipewa. Wamuchititsa manyazi, ndiye ukuganiza kuti amusiya mkaziyo kuti dziko linene kuti nyimbo ija inali yoona? Amufuna pakhomo, avale bwino, azikhala naye kutsogolo m'tchalitchi."

"Ndiye muwapereka?"

"Bambo ako ankandimenya m'chipinda chomwecho ukuimbiramo. Ndinakhala. Inu munakula muli ndi bambo chifukwa ndinakhala. Banja ndi kupirira."

"Kupirira mpaka m'bokosi?"

"Tseka pakamwa! Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika."

Achemwali anadzuka ndi kajuzi kawo n'kulowa kuchipinda. Ine ndinabwezera waya kukhoma, koma pa wailesi anali atayamba kale za nyengo.

Sindinama, masabata awiri amenewo anali okoma kuposa zaka zonse khumi ndi zisanu. Foni imene inkangolira ikafuna kutchajidwa inayamba kulira ndi anthu. Anyamata amene ankandidutsa ngati mtengo wa magetsi anayamba kundikuwira kutsidya kwa msewu kuti, "Chigayo chadzuka!" Mkulu wina wokonza mashoo anandiimbira kuti andiika pabwalo la mpira Loweruka lina masana, dzina langa pamwamba pa chikwangwani, zilembo zazikulu kuposa za ana amene ndinawaphunzitsa kugwira maikolofoni. Ndinagula chipewa chatsopano.

Anandiitananso ku wailesi. Mtsikana wofunsa mafunso anatsamira patebulo n'kunena kuti, "Mayi akulira m'kolasimo ndi ndani? Zikumveka ngati zenizeni."

"Ndi woimba wina wa m'kwaya," ndinatero ine osaphethira. "Ndinamuuza kuti ayerekeze kulira, iye n'kuchita bwino. Ndi luso basi."

Ndinatuluka ndikudziona ngati munthu wanzeru amene wateteza mlongo wake.

Mavesi a nyimboyo ndinawalemba ndi mtima wonse. Ndinanena za amuna amene amapemphera mokweza Lamulungu n'kumenya mokweza Lolemba, za amayi amene amathowa ana awo n'kuwabweza kumoto komweko. Koma nditapita kukabweza waya uja, wometa tsitsi anandiuza zoona makina ali m'manja.

"Mavesi ako sitimva, Chigayo, umathamanga kwambiri. Koma kolasi ija ndi moto! Dzulo wina wachotsedwa ntchito, wabwera pano akuvina 'sindibwererako'. Wina mkazi wake akumuitana kunyumba, iye botolo m'manja, 'ngakhale mundimange!' Tinaseka mpaka nthiti kuwawa."

Pabenchi panali makaniko wina amene tonse timadziwa kuti mkazi wake amayenda ndi magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Foni yake inalira, ndipo inalira ndi mawu a achemwali. Anaisiya ilire pang'ono kuti amalize kugwedeza mapewa, kenako n'kuyankha.

Tsiku lomwelo ndinapeza achemwali kuseri akuyanika zovala. Diso linali litatseguka, mlomo utaphwa, pakhungu patangotsala kamthunzi koti uone uchite kudziwa pomwe ukuyang'ana.

"Achemwali, nyimbo ija ndinapangira inu."

"Zikomo."

"Azimayi akundilembera mauthenga. Akuti yawalimbitsa mtima."

"Ndati zikomo." Anakung'untha shati ya amayi n'kuikoleka. "Ana a m'kalasi mwanga nawonso aidziwa. Ndikatembenuka kuti ndilembe pabolodi amayamba chapansipansi. Kamnyamata kena kamatha ngakhale kalikhweru kaja. Ndawauza aphunzitsi aakulu kuti ndikudwala."

"Ana ndi ana, aiwala."

"Dzulo ndinaimba foni kwa apongozi kuti ndimve mawu a mwana wanga. Akuti akusamba. Dzana akuti akusamba. Sabata yatha, akusamba. Mwana wanga wasanduka nsomba."

Anatola beseni n'kuima pang'ono, osandiyang'ana.

"Munthu akachita mantha ine sindimudzudzula. Mantha ndimawadziwa. Koma ukanangondiuza."

Ndinayesa akunena za nyimbo, zoti ndinaopa kuwapempha ndisanaitulutse. Ndinati pepani, iwo n'kulowa m'nyumba.

Lamulungu lija alamu anafika masana, shati yoyera yosita bwino, galimoto yotsukidwa. Amalume anatsika kumpando wakutsogolo akuseka nkhani imene anayambira m'njira, ndipo nditaona zimenezo ndinadziwa kuti mlandu tayamba tagonja kale theka. Alamu anatsitsa jumbo ya shuga, buledi ndi sopo n'kupereka kwa amayi ndi manja awiri. Ine anandigwira chanza nthawi yaitali.

"Alamu a pa wailesi! Tikukumvani, tikukumvani. Mulungu akakweza munthu amakweza ndithu."

Tinakhala pabalaza. Amalume, amene anapuma ntchito ya ukalaliki ndipo amakonda milandu ya mabanja kuposa chakudya, anatsokomola n'kupempha alamu kuti ayambe.

"Ine sindinabwere kudzakangana," alamu anatero ndi mawu awo ofewa a paguwa. "Ndabwera ngati munthu wovulala. M'nyumba anthu amasemphana, amalume, inu mukudziwa. Tinasemphana mawu, mayiwa anathamanga, pansi panali ponyowa, anagwera pachitseko. Ine ndinati apite kwa amayi akapume. Mwana ndinakamusiya kwa agogo ake chifukwa mwamuna yekha sangathe kuluka tsitsi la mwana wamkazi. Kenako ndikumva dzina langa likukokedwa m'matope, makasitomala akunong'onezana m'sitolo mwanga. Koma ndakhululuka. Ndabwera kudzatenga mkazi wanga, mwana akulira mayi ake."

"Chitseko chake chili ndi zibakera?" ndinafunsa ine.

"Mphwanga, ulemu," amalume anandidula. "Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Iwe unalipo?"

"Sindinalipo, koma nkhope ndinaiona. Dziko lonse lamva kulira kwawo."

Alamu anamwetulira n'kutembenukira kwa ine pang'onopang'ono.

"Kulira kwa ndani, alamu? Ine ndinamva ndi makutu anga inu mukuuza dziko lomwelo kuti ndi woimba wa m'kwaya, munamuuza kuti ayerekeze. Luso basi, munatero. Ndiye tigwire ziti? Ngati munanama pa wailesi, pano tikukhulupirireni bwanji? Ngati simunaname, tikukangana chiyani?"

Amalume anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mfundo yakupsa. "Kuchipatala anapita? Kupolisi? Pali pepala?"

"Ndinamuletsa ndine," amayi anatero akuyang'ana pansi. "Ndinati za m'nyumba zithere m'nyumba."

"Ndiye mwaona. Pepala palibe, chilonda palibe. Mwana wanga," amalume anatembenukira kwa achemwali, "palibe banja lopanda utsi. Amayi ako awa anapirira, lero akukalamba ndi ulemu wawo. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Tenga chikwama chako."

Apo ndi pamene achemwali anayankhula. Sanakweze mawu, moti amalume anachita kupendeketsa khutu.

"Umboni ulipo, amalume."

"Uli kuti?"

"Mu kompyuta ya mlongo wangayu. Tsiku lija ndinanena zonse pa maikolofoni, kuyambira chaka chimene zinayamba. Za pilo amene anandivundikira nayo kumaso mwana akuona. Za chitsulo chositira. Ndipo ndisanafike kuno bambowa ananditumizira uthenga wa mawu pafoni, kunena chimene adzandichite ndikadzaulula, ndi kumene adzanditaye. Mawa lake anaufufuta kuchokera kwawo, pafoni panga n'kuzimiririka. Koma ine ndinali nditauseweretsa kale pa maikolofoni, kawiri. Ndi mawu awo, amalume, muwazindikira."

Ndinaona kumwetulira kwa alamu kukuuma ngati utoto. Anatulutsa kampango n'kupukuta m'khosi, pomwe kunja kunali mphepo. Amalume anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuwongola msana. Ndinene chilungamo, mkulu uja ndi wokonda mpando wakutsogolo koma si mfiti.

"Ngati pali mawu otero," anatero, "mwana wa mlongo wanga sachoka pakhomo pano. Ndipo mdzukulu wangayo ndikamutenga ndekha mawa, ndi apolisi ngati kungafunike. Mphwanga, tiye ukatiyatsire."

Kuchokera pabalaza kufika kusitudiyo ndi mapazi khumi ndi awiri. Ndinawayenda ngati wopita kokanyongedwa, chifukwa ine ndekha ndinkadziwa chimene chili mu kompyutamo. Anthu asanu tinadzazana m'kachipinda konunkha mathileyi a mazira. Achemwali anaima pambali panga, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata onsewo anandigwira paphewa.

Ndinayatsa. Ndinatsegula apa, kutsegula apo, kuyang'ana ngakhale m'malo amene ndinkadziwa kuti mulibe. Pomaliza ndinadina chokhacho chimene chinalipo. Kalikhweru kanalira m'masipika. "Sindibwererako! Ngakhale mundimange, sindibwererako!" Kenako chete.

"Yambira poyambira," achemwali anatero.

"Poyambira ndi pomwepa."

"Ayi, apa ndi kumapeto. Bwerera m'mbuyo."

"Achemwali, kompyutayi ndi nkhalamba, malo ake ndi ochepa. Ndikadula pamene ndikufuna, zotsala ndimafufuta. Pambuyo pake ndajambulapo makwaya awiri. Sizingabwererenso."

Dzanja lija linachoka paphewa panga.

"Wafufuta. Chabwino. Koma unamva. Auze amalume zimene unamva. Mawu a bambowa unawamva, unene chimene ananena."

Ndinayang'ana mabatani.

"Iwe, ndikuyankhula nawe. Ndinakufunsa pakhomo apa, unati wamva zonse."

"Ndinamva pamene munafuula. Penapo mawu anali otsika kwambiri, pa kompyuta pamangooneka timiyala. Ndinayesa ndi mvula."

"Unayesa ndi mvula."

"Ndimo mmene timagwirira ntchito, achemwali. Timayang'ana pamene pakwera."

Sanalire. Ndikanakonda akanalira, kapena kundimenya ndi sipika. Anangokhala pampando wa oimba, pansi pa maikolofoni yomweyo, n'kuyankhula ngati akuphunzitsa mwana wosamva msanga.

"Ukuyesa ndinakulira m'nyumba ino osadziwa kuti kanyali kofiira kakayaka ndiye kuti makina akujambula? Ndinakaona. Ndinasendeza mpando dala. Zinthu zimenezo sindikanatha kukuuza ndikukuyang'ana m'maso, ndiwe mlongo wanga. Ndinati uyu ntchito yake ndi kumvetsera, tsiku lonse zinthu zili kumakutu, ndiyankhule muno adzamva yekha. Ndinakuitana ndi dzina lako la paubwana kasanu ndi kawiri. Ndinati bambowa anena kuti Lachisanu amuchotsa mwana. Ndinati pita kusukulu Lachinayi pa nthawi yoweruka, mlonda wa pageti amakudziwa, amaimba nyimbo yako yakale ija, akupatsa mwanayo osafunsa. Ndinati ndikakhala ndi mwana wanga kuno, palibe chondibwezera kumeneko. Lachinayi ndinakhala pawindo mpaka dzuwa kupendeka. Utapanda kutuluka ndinati wachita mantha, ndipo ndinakukhululukira. Masabata onsewa ndakhala ndikukukhululukira mantha. Kani sunamve n'komwe."

Kumbuyo kwanga alamu anatulutsa mpweya wautali. Atayankhula, mawu a paguwa aja anali atabwerera.

"Mwaona, amalume? Mayiwa mutu sukuyenda bwino, akufunika kupuma pakhomo pawo. Uthenga wake uti? Ine munthu wa Mulungu?" Anandisisita pamsana. "Koma alamu ndinu katswiri. Nyimboyo musaichotse, isiyeni anthu asangalale. Ndi ya woimba wa m'kwaya."

Amalume anayang'ana kompyuta, kuyang'ana achemwali, kuyang'ana khoma. Ndikhulupirira kuti mumtima anadziwa zoona. Koma anali atakhala kale pampando wakutsogolo, ndipo njira yosavuta inali imodzi.

"Popanda umboni ine manja anga ndi omangika. Bambo, mundilonjeze kuti sitidzamvanso zoterezi."

"Pamaso pa Mulungu, amalume."

"Achemwali, musapite," ndinatero ine. "Ndipita ku wailesi mawa, ndikanena kuti ndinanama. Tipita kupolisi. Ndikamutenga mwanayo ndekha."

"Ndi chiyani? Ndi chipewa chatsopanocho? Munthu amene wauza dziko kuti ndine wa m'kwaya, mawa akanene kuti ayi ndi mlongo wanga, adzati Chigayo akutsatsa shoo yake. Mwana wanga wagona masabata asanu osandimva mawu. Kumene ali iye ndi kumene ndikupita."

Amati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Amene sanamve ndine, koma nkhwangwa inagwera mutu wa wina.

Amayi ndi amene analongedza chikwama. Ankalira mwakachetechete akupinda zovala, kwinaku akunong'ona malangizo omwe aja: akakwiya usamayankhe, ukaona zavuta uzithawira kubafa n'kukhoma. Pakhomo anaika m'manja mwa achemwali mankhwala awo a mphumu n'kuwauza kuti apemphere. Achemwali anatsanzika amayi, anatsanzika amalume. Pa ine anangodutsa, kajuzi kofiira kali kukhwapa.

Ulendo uno amalume anakhala kumbuyo, achemwali kutsogolo kuti msewu wonse uone. Galimoto ikubwerera chambuyo kutuluka pageti, wometa tsitsi kutsidya anali atatulutsa sipika yake panja monga amachitira Lamulungu, ndipo mwa nyimbo zonse za padziko inkalira ndi yomweyo. Anyamata a pabenchi anandiona n'kukweza manja, "Chigayo! Sindibwererako!" Windo la galimoto linali lotsitsa. Ndinaona zala za alamu zikugunda pachiwongolero, ndipo sizinaphonye ng'oma ngakhale kamodzi.

Loweruka lake ndinapita kushoo. Mungafune ndinene kuti ndinakana, kapena kuti ndinaima pamaso pa anthu n'kuulula zonse. Ndinayesa. Ndinauza woseweretsa nyimbo kuti adikire, n'kuyamba kuti, "Abale, mayi amene mukumumva m'nyimboyi..." Anthu anakuwa kuti tabwera kudzavina, ulaliki ndi wa mawa. Botolo la pulasitiki linandigunda pabondo. Mkulu wa shoo anakodola woseweretsa uja, ng'oma n'kugwa, kalikhweru n'kulira m'masipika aakulu ngati nyumba, bwalo lonse n'kuyankha. Kutsogolo kunali azimayi ambiri, manja m'mwamba, ena akulira pamene akuimba. Ndinaimba mavesi anga onse atatu, ndipo sindikudziwa ngati alipo anamva liwu limodzi. Akuti inali shoo yabwino kuposa zonse zimene ndinachitapo.

Masiku ano ndikajambula munthu ndimamvera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale pamene akungokonza kukhosi. Makwaya akudandaula kuti ndayamba kuchedwetsa ntchito. Nyimbo ina sindinalembe, ngakhale a mashoo akufunsa kuti yotsatira ituluka liti, ndipo ngati mayi wa m'kwaya uja angapezekenso.

Achemwali amaimbira foni amayi Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Amati ali bwino, mwana ali bwino, bambo akupereka moni. Sipadutsa mphindi ziwiri. Lamulungu lapitali ndinalanda foni m'manja mwa amayi n'kuthamangira nayo m'situdiyo, n'kutseka chitseko kuti pasamveke china chilichonse. Kumbali inayo ndinkamva kalikhweru kaja, kofulumira kuposa kale, ndi mapazi a munthu akuyendayenda chapafupi.

"Achemwali, ndine. Ngati simungathe kunena, ingotsokomolani kamodzi, ndibwera lero lomwe. Yankhulani motsitsa mmene mungathere, ndikumva. Ndikumvetsera, achemwali."

Sanatsokomole.

"Ndinayankhula kale," anatero, n'kudula foni.